Mbande za pa Mutu wa Zekeriya

Zekeriya anagona chafufumimba pa kabedi kopapatiza, nkhope ili m'bowo la mtsamiro, maso ali pa nsapato zoyera za atsikana awiri amene ankagwira ntchito kunkhongo kwake. Ululu panalibe. Majakisoni anali atapha kale khungu lonse la m'mutu, moti mutuwo ankaumva ngati mphika umene wina wamuvundikira. Chimene chinkamuopsa chinali phokoso. Kamakina kankalira pang'ono, kenaka n'kumveka kukukuta m'kati mwenimweni mwa chigaza, ngati mbewa ili m'nkhokwe, ndipo muzu wina wa tsitsi unkazuka.

"Musagwedezeke, achimwene," anatero mmodzi wa atsikanawo, dzina lake Sevda. "Mbande zanu n'zabwino. Mizu yake yonenepa ngati ya anyezi."

"Zatsala zambiri?"

"Mwatopa kale? Mwarabu amene anagona pamenepa dzulo anachita kuliza mkonono."

Zekeriya sanaseke. Ankaganiza za bambo ake.

Kwawo kunali kumapiri a kumtunda kwa Giresun, kumene minda ya findiki, mtedza wa m'mitengo uja, imakwera zitunda mpaka kukalowa m'chifunga. Dazi linamuyamba atangobwerako ku usilikali, ndipo pofika zaka makumi anayi pamwamba ponse panali posalala see, tsitsi litangotsala ngati mpanda kuzungulira makutu ndi kunkhongo. Pamudzi ankamutcha Dzungu. Iye sankadandaula nazo, mpaka pamene inayamba kumveka nkhani yoti akatha kukolola akafunsire Gulizar, mayi wamasiye wa tsidya la mtsinje. Gulizar mwini wake sananenepo kanthu za mutuwo. Koma azakhali ake a mayiyo anamveka akunena pa ukwati wina kuti mkamwini akubwerayo sadzafuna nyale m'nyumba, ndipo mawuwo anamupeza Zekeriya dzuwa lisanalowe.

Amene anamukoka anali msuweni wake Nedim. Iyeyu ankayendetsa galimoto ya chipatala china cha tsitsi ku Istanbul, kutenga alendo ku bwalo la ndege ndi kuwabwezako mitu ili m'mabandeji. "Dziko lonse likubwera kudzawokera tsitsi kuno," ankatero pa foni. "Iwe mwini dziko n'kumawala ngati thireyi? Bwera, ndi ntchito ya tsiku limodzi."

Anapita, koma anapita mozemba. Anauza mlongo wake wamkulu, Nazire, kuti akukagula chitsulo cha makina omenyera findiki, ndipo m'chipinda cha bambo ake sanalowemo. Kumapiriko munthu sayamba ulendo wautali asanapsompsone dzanja la kholo ndi kuligunditsa pamphumi, n'kunena kuti, "Ndimasuleni pa zonse zimene munandichitira," kholo n'kuyankha kuti, "Ndakumasula, zikhale halali, mangawa palibe." Amatero chifukwa palibe amene amadziwa ngati adzapezanenso amoyo. Zekeriya ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Kungoti bambo akewo, Bambo Hayrettin, akanafunsa za ulendowo. Bodza lonong'ona limatheka, koma lofuulira m'khutu la bambo ako, nyumba yonse ikumva, linamukanika.

Mkuluyo maso anatha ndi shuga, makutu anatha ndi phokoso la makina. Ukafuula pafupi mawu ankawamva, koma liwu la aliyense linkamveka chimodzimodzi, ngati munthu akulankhulira mumgolo. Anthu ankawadziwa ndi dzanja. Wolowa aliyense akapsompsona dzanjalo n'kuliika pamphumi, iwo sankalichotsa msanga. Linkayenda pamutu, n'kutsikira kumakutu, ndiyeno ankatchula dzina. Kwa Zekeriya silinkachedwa. Linkangotsetsereka pa dazi basi. "Dzungu langa lafika."

Atatha kuzula, atsikana aja anamutembenuza chagada. Anaboola timabowo pa dazi ponse, kuyambira pa mzere umene dokotala anajambula ndi cholembera pamwamba pa mphumi mpaka kuseri kwa liwombo, n'kuyamba kulowetsamo mizu umodziumodzi ndi timapani, uku akukambirana za chibwenzi cha mnzawo wina. Dzuwa linapendeka asanamalize. Pomutulutsa, Sevda anamumanga lamba wakuda pamphumi n'kumuimika pa galasi. Pamutu panali pofiira, timadontho ta magazi owuma tili ndandanda, masauzande, pa kadontho kalikonse kachiputu ka tsitsi katasuzumira. Malo osalala sanatsale ngakhale okwana chala.

"Tsopano mvetserani, achimwene," anatero Sevda. "Inu ndi mlimi, mukuidziwa mbande yongowokera kumene. Mpaka nkhanambo zitayoyoka zokha, palibe chokhudza apa. Chipewa ayi. Kukanda ayi. Kuwerama ayi, swala muzipemphera chokhala pampando. Kugona muzigona chotsamira, ngati muli m'basi. Muzu ukazuka wazuka, sumeranso, ndipo kunkhongo kwanuku tatengako zonse zimene zikanatheka. Kwina kotapa mulibe."

"Nanga munthu akangogwira pang'ono?"

"Munthu wake uti? Akazi anu? Auzeni agwire kwina."

Nedim, amene anabwera kudzamutenga, anaseka mpaka kutsokomola.

Masiku otsatira Zekeriya anakhala m'kanyumba ka Nedim, pamwamba pa nyumba yosanjikizana, ali tsonga pa sofa ngati mlendo amene eni nyumba amuiwala. M'mawa Nedim ankamuthira thovu pamutu, n'kulitsuka ndi madzi a m'kapu, osakhudza. Pamutupo pankayabwa koopsa, ndipo Zekeriya ankakhalira manja ake kuti asamuchimwire. Madzi amene anamupopera pansi pa khungu anayamba kutsika. Lamba uja sanawaletse. Mphumi inatupa, kenaka pakati pa maso, kenaka zikope, mpaka m'mawa wina anadzuka akuona dziko kudzera m'timing'alu tiwiri. Pa galasi panaima munthu wa nkhope yofufuma, wachikasu m'munsi mwa maso, amene Zekeriya anali asanamuonepo.

"Zimatero," anatero Nedim akuthira tiyi. "Onse amaoneka ngati anakafula njuchi opanda moto. Mawa kapena mkuja uphwa."

Foni inalira ali pa tiyi pomwepo. Anali Nazire.

"Uli kuti? Chitsulo chimodzi mpaka lero?"

"Ndikubwera, achemwali. Chinasowa, ndiye ndimati..."

"Siya zimenezo. Ababa anagwa dzana. Tinapita nawo ku chipatala, adokotala atibweza. Akuti mtima watopa, tikawasamalire kunyumba." Zekeriya ankamva anthu ambiri akulankhula chapansipansi kumbuyo kwa Nazire. "Sakudya. Aliyense wolowa akumugwira mutu. Akuti mwana wanga anachoka osandipsompsona dzanja, ndimumasula bwanji asanabwere. Zekeriya, ngati ukufuna kuwapeza, nyamuka lero."

Nedim anamuthamangitsira ku bwalo la ndege, akuliza hutala pa mphambano iliyonse.

"Upsompsone dzanja basi," anatero Nedim pomaliza. "Pamphumi ugunditse pang'ono, apa pa lamba, kenaka uligwire lisakwere. Ndaonapo anthu akuchita zimenezo pa Idi."

"Ndiye andidziwa bwanji?"

"Nazire awauza."

"Amalume ako ukuwadziwa iwe. Anayamba akhulupirirapo chouzidwa?"

Nedim anayang'ana msewu. "Ndikanadziwa, msuweni, sindikanakuitana mwezi uno."

Pa bwalo la ndege palibe anamucheukira, pakuti mitu yofiira ngati wake inali mbwee. Koma atatsika ndege kwawo, mu minibasi yokwera kumudzi munali anthu akwawo okhaokha. Polowa anapinda mawondo m'malo mowerama, dzanja lili m'mwamba kutchinga chitsulo cha chitseko, n'kukakhala pampando wakumbuyo. Dalaivala, Bambo Remzi, amene anayamba kumunyamula ali mwana wasukulu, anamuyang'ana pa galasi.

"Alendo atsikira pati?"

"Ndine, amalume Remzi. Zekeriya wa a Hayrettin."

Minibasi yonse inatembenuka. Mayi wina wachikulire anayandikitsa nkhope, n'kubwerera msanga akunong'ona pemphero.

"Dzungu?" anatero Remzi. "Iwe, wakuphika ndani?"

Ena anaseka, koma kusekako kunazima msanga, chifukwa onse ankadziwa chimene chamubweza. Remzi anali ndi maso awiri abwinobwino, ndipo anamutcha mlendo.

Msewu unali wokumbika ndi mvula. Minibasi ikadumpha, iye ankatsetsereka pampando kuti mutu usagunde denga, ndipo nthawi iliyonse akatero ankachita manyazi kuti akusamala ziputu pamene bambo ake akutha. Komabe pa dzenje lotsatira ankatsetserekanso. Ankati akatseka maso, ankaona dzanja la bambo ake, la zikhadabo zokhuthala, lolimba ndi zaka zodulira nthambi, likukwera pamphumi. Akatsegula, ankaona manda a pa mzikiti wa mudzi uliwonse umene ankadutsa. Pakati pa njira Remzi anazimitsa wailesi osauzidwa ndi munthu.

Pakhomo pa nyumba panali nsapato zambiri. Zekeriya anaima pa chipilala cha khonde. Anamvetsera. Kulira kunalibe. Kunkamveka liwu limodzi lokha, la imamu wa pa mzikiti, likuwerenga motsitsa.

Nazire anatuluka atanyamula thireyi ya matambula a tiyi. Anamuyang'ana monga amayang'anira wogulitsa malonda, kenaka anamuzindikira.

"Ngozi?"

"Ayi, achemwali."

"Nanga chimenechi n'chiyani?"

"Ndinakawokera tsitsi."

Nazire anatsitsa thireyi pansi pang'onopang'ono. "Chifukwa cha pakamwa pa azakhali ake a Gulizar." Sikunali kufunsa. Anamuyang'ananso, kuyambira pa lamba mpaka pa liwombo. "Mwana wa amayi anga, wasankha nthawi yake. Lowa. Usiku wathawu anasiya kupuma, tinayesa apita."

M'chipindamo munkanunkhira mafuta a mandimu amene amathira alendo m'manja. Amuna apamudzi anakhala motsatira khoma, zipewa zili pa mawondo. Bambo Hayrettin anawatsamiritsa pa mitsamiro pafupi ndi zenera. Anali atachepa. Mpweya wawo unkatuluka mokhwekhwereza, n'kuima, n'kudzabweranso munthu atayamba kale kudzuka. Dzanja lamanja linali pamwamba pa bulangete, chikhatho chili m'mwamba, likudikira.

Imamu anasiya kuwerenga. Amuna aja anamuyang'ana Zekeriya kamodzi, n'kugwetsa maso.

Anagwada, msana uli chilili monga anamuuzira Sevda. Anatenga dzanja lija, lozizira ndi lopepuka, n'kulipsompsona. Kenaka anachita zimene ananena Nedim. Analigunditsa pa lamba, n'kuligwira pamkono kuti lisakwere.

Zala za mkuluyo zinafufuza nsalu ya lambayo. Zitalephera kukwera zinatsika, zinapeza zikope zotupa, mphuno yokwiririka, masaya ofufuma.

"Ndani uyu?"

Nazire anawerama pa khutu lawo. "Ndi Zekeriya, Ababa. Wafika."

Dzanja linayesanso kukwera. Zekeriya analimva likulimbana m'chikhatho mwake, lopanda mphamvu ngati mwanapiye, koma sanalitaye.

"Bwanji akundigwira dzanja?" anafunsa Bambo Hayrettin. Analikoka, n'kulibisa pachifuwa. "Nazire, usandinamize ndili paulendo. Dzulo munandigwiritsa dazi la Yakup, mumayesa sindiudziwa mutu wa mwana wanga. Lero mwabweretsa wina, wonenepa."

Nazire anaphimba pakamwa ndi mpango. Ku khoma, Yakup mwini wake, bambo wadazi, anawerama kwambiri. Zinalidi choncho: usiku umene mpweya unaima, Nazire anagwaditsa Yakup woyandikana nawo, kuti mwina mkuluyo anene mawu aja asanapite.

"Ndi yemweyo, Ababa," anafuula Nazire. "Ndikulumbira."

"Wafera panjira, eti? Nenani. Munthu wochoka osatsazika amatero. Mwana wanga wagona kwa eni, ine ndisanamumasule, inu mukundisewera ngati khanda." Anatembenuzira nkhope ku khoma. Mpweya unatuluka, n'kuima.

Unaima nthawi yaitali. Zekeriya ankayang'ana bulangete, losagwedezeka, ndipo m'makutu mwake munkangomveka mtima wake womwe. Wina ku khoma anayamba kudzuka. Kenaka chifuwa chinakwera, mokoka, ngati chitseko cholemera.

"Mwana wanga," anatero imamu motsitsa, "chimene ukufuna kuchita, chita tsopano."

Zekeriya anamasula lamba uja n'kumugwetsa pansi. Anafuna dzanja pachifuwa pa bambo ake, analikoka mofatsa, analipsompsonanso, n'kuliika pamwamba pa mphumi, pa mzere weniweni wa dokotala. Anawerama, n'kuchotsa manja ake onse awiri.

Dzanja linadzidzimuka litakhudza ziputu. Linaima. Kenaka linayamba kuyenda.

Ululu sanaumve, pakuti khungu linali likadali ladzanzi. Anamva phokoso lokha, nkhanambo zikuthetheka pansi pa zikhadabo, ndipo phokosolo linkamvekera m'kati mwa chigaza ngati la kamakina kaja. Dzanja linapita kuliwombo, linabwerera, linapita kumanzere, likukanikiza, likupala, likufuna malo osalala amene linkawadziwa. Chinthu chofunda chinatsika m'mbali mwa mphuno yake n'kudontha pa bulangete. Nazire anatambasula dzanja kuti aletse, koma Zekeriya anamukaniza ndi chigongono.

Anayandikitsa pakamwa pa khutu la bambo ake, n'kufuula kuti nyumba yonse imve.

"Ndine Zekeriya, Ababa. Kunalibe chitsulo cha makina. Ndinapita ku Istanbul kukawokera tsitsi. Anazula la kunkhongo n'kubzala pa dazi. Ndinaopa kukuuzani, ndiye ndinachoka osakupsompsonani dzanja. Ndimasuleni."

Dzanja linaima pamwamba pa mutu.

"Tsitsi amawokera?"

"Amawokera, Ababa."

"Ngati kabichi?"

"Ngati kabichi."

Ku khoma wina anatulutsa mpweya m'mphuno, n'kuubweza msanga. Bambo Hayrettin sanaseke. Zala zinatsikira kunkhongo, zinapeza timabala ta kumeneko, zinagwira khutu limodzi, zinagwira linalo, n'kubwereranso pamwamba. Zinali zitanyowa. Mkuluyo anazitikita pamodzi, n'kuzinunkhiza.

"Magazi," anatero. Anapuma kangapo asanapitirize. "Mutu uwu sindiudziwa. Uli ngati munda wotentha. Nkhope iyinso sindiidziwa." Anapumanso. "Koma munthu wobwereka sakanandisiyira mutu wa mabala kuti ndiupale chonchi. Yakup anathawa nditangomugwira khutu."

Zekeriya anadikira, magazi akumulowa m'diso, osayesa kupukuta.

"Imva, iwe wagwada apa. Ngati ndiwe Zekeriya, ndakumasula. Mkaka wa amayi ako, thukuta langa, zonse zikhale halali. Ngati si iwe, ukamufune kumene ali, wamoyo kapena wakufa, ukamuuze mawu omwewa. Usasinthe." Dzanja linagwera pa bulangete. "Nayenso andimasule."

"Ndakumasulani, Ababa," anafuula Zekeriya. "Zikhale halali."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'ono, monga munthu amachitira akalandira uthenga wopatsira, n'kutseka maso.

"Zakwana," anatero imamu, akumugwira Zekeriya paphewa. "Mawu atuluka, mboni tilipo."

"Koma anena kuti 'ngati', ashehe," anatero Zekeriya.

"Mulungu akudziwa kuti ndiwe."

"Iwo sakudziwa."

Imamu anabwerera pa kuwerenga kwake.

Nazire anabwera ndi kansalu konyowa. Anayamba ndi dzanja la bambo ake, kupukuta chala chimodzichimodzi. Pa nsaluyo panatsalira titsitsi tatifupi, kalikonse kali ndi kamuzu koyera kumapeto, tambiri ndithu. Anatiyang'ana, n'kumuonetsa mlongo wake.

"Izi angazibwezeremo?"

"Ayi."

Nazire anapinda kansaluko n'kukaika m'thumba la diresi. Anatenga kena, n'kumupukuta Zekeriya m'diso ndi m'mbali mwa mphuno, pamwamba osakhudza. "Wang'ambika mizere itatu," anatero. "Ngati padutsa nkhuku."

Nthawi ya swala yamasana itakwana, amuna aja anatuluka mmodzimmodzi kupita ku mzikiti, aliyense akumugwira Zekeriya paphewa podutsa, osayang'ana mutu. Iye anatsala. Anakokera kampando pafupi ndi bedi n'kukhala. Dzanzi linali litayamba kutha m'mphepete mwa mizere ija, ndipo pankatentha ngati pathiridwa tsabola. Kunja chifunga chinatsika n'kuphimba munda, kenaka chinaphimba ndi khola. Iye ankangomvetsera mpweya wa bambo ake, ukaima iyenso n'kuima nawo, ukabwera n'kupuma.

Chakumadzulo mkuluyo anatsegula maso. Dzanja linayamba kufufuza pa bulangete.

"Nazire."

Nazire anali kukhitchini. Zekeriya anayandikira.

"Nazire, minibasi ya Remzi yakwera? Pita kumsewu, ukaone ngati Zekeriya watsika."

Zekeriya anayang'ana dzanja lija kwa kanthawi. Kenaka anatsika pampando, anagwada, analinyamula n'kuliikanso pamutu pake, pa mabala pomwepo.

"Ndili pano, Ababa," anafuula. "Yambiraninso."

Zala zinayamba kuyenda.